Ngolo, mitala ndi voti: moyo wa amayi a Mormon amene anamanga midzi ku Utah

Anyamata ovala malaya oyera ndi mataye, okhala ndi kachikwangwani ka dzina pachifuwa, akadutsa awiriawiri m'misewu ya Lilongwe kapena Blantyre, funso limene anthu amanong'onezana ndi limodzi lomwelo: kodi si mpingo wa mitala uja? Yankho lachidule ndi lakuti Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa a Mormon, unaleka mitala zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo masiku ano wokwatira mitala amachotsedwa mumpingo. Mabanja a mitala amene amaoneka pa kanema ndi a timagulu tina timene tinapatuka. Koma funsolo lili ndi pamene linachokera. Linachokera pa nthawi ya pakati pa 1846 ndi 1896, pamene anthu a mpingowu anasamukira kumadzulo kwa America kukatsegula malo. Mbiri ya nthawi imeneyo kawirikawiri imakambidwa ndi mayina a abambo, chonsecho gawo lalikulu la mtolowo linali pamutu pa amayi, ndipo ambiri a iwo anasiya zolemba zawozawo zimene zimatithandiza kudziwa m'mene ankakhalira.

Chinawasamutsa ndi chiyani?

Mpingowu unayamba pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York, woyambitsa wake ali Joseph Smith. Kulikonse kumene anthu ake ankakhazikika ankasemphana ndi eni dera. Zifukwa zinali zingapo: chiphunzitso chachilendo, kuchulukana mofulumira, kugulana malonda okhaokha, komanso kuvota ngati munthu mmodzi, zimene zinkaopsa andale. Ku Missouri zinthu zinafika poipa mu Okutobala 1838 pamene bwanamkubwa Lilburn Boggs analamula kuti a Mormon athamangitsidwe m'chigawocho kapena aphedwe. Anathawira ku Illinois n'kumanga mzinda wa Nauvoo m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. Kumenekonso mtendere sunakhalitse. Pa 27 Juni 1844 gulu la anthu linathyola ndende ya ku Carthage n'kupha Joseph Smith pamodzi ndi mkulu wake Hyrum.

Brigham Young atatenga utsogoleri wa ambiri, anaganiza zopita kutali kumene palibe angawalondole, kuseri kwa mapiri a Rocky, m'chigwa cha nyanja ya mchere ya Great Salt Lake. Pa nthawiyo deralo, limene lero lili m'chigawo cha Utah, linali pansi pa Mexico, ndipo linalowa m'manja mwa America mu 1848.

Choncho mayi amene ankakwera ngolo mu Febuluwale 1846 sanali mlendo pa nkhani ya kusamuka. Ena anali atasiya kale nyumba ziwiri kapena zitatu, minda yolimidwa ndi manda a ana awo.

Ulendo wa pangolo

Kuchokera ku Nauvoo kufika ku Salt Lake ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,100. Kuti mumvetse kutalika kwake, ganizirani munthu woyenda wapansi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, n'kubwereranso pafupifupi mtunda wonsewo. Ambiri ankayendadi wapansi, chifukwa m'ngolo munkadzaza ufa, mbewu, makasu, zofunda ndi odwala, ndipo ng'ombe zinkafunika kuzipeputsira katundu.

Chaka choyamba sanapite patali. Matope a ku Iowa anawachedwetsa miyezi yambiri, ndipo nyengo yozizira inawapeza m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri, pamalo amene anawatcha Winter Quarters, pafupi ndi mzinda wa Omaha wa masiku ano. Apa anthu mazana angapo anamwalira ndi malungo, chifuwa, ndi matenda otupitsa nkhama amene amabwera munthu akakhala nthawi yaitali osadya masamba ndi zipatso. Makanda ndiwo ankafa kwambiri. Kuwonjezera apo, mu Julaye 1846 amuna pafupifupi 500 analembedwa usilikali kukamenya nkhondo ya America ndi Mexico. Malipiro awo anathandiza mpingo kugula zofunika paulendo, koma akazi awo ambiri anatsala okha pathengo ndi ana, ng'ombe ndi ngolo.

Gulu lotsogola linafika m'chigwa cha Salt Lake mu Julaye 1847. Munali amuna 143, amayi atatu ndi ana awiri. Tsiku limene Brigham Young anafika, 24 Julaye, ndi tchuthi ku Utah mpaka lero. M'magulu otsatira amayi ndi ana ndiwo anachuluka, ndipo pofika 1869, pamene njanji yodutsa dziko lonse inamalizidwa, anthu pakati pa 60,000 ndi 70,000 anali atadutsa njira imeneyi.

Tsiku la mayi paulendo linkayamba kusanache. M'zigwa za mtsinje wa Platte mitengo inali yosowa, ndiye ntchito ya amayi ndi ana inali kutola ndowe zouma za njati kuti zikhale nkhuni. Ankakama ng'ombe m'mawa, n'kupachika mkaka m'chidebe pangolo kuti kugwedezeka kwa tsiku lonse kuusandutse batala. Kuchapa kunkadikira tsiku limene gulu laima pafupi ndi mtsinje. Woyembekezera ankachira m'ngolo momwemo kapena mutenti, ndipo gulu silinkadikira nthawi yaitali. Womwalira ankaikidwa m'mbali mwa njira, achibale n'kupitirira akudziwa kuti mandawo sadzawaonanso.

Amasiye nawo anayenda. Mary Fielding Smith, mkazi wa Hyrum uja anaphedwa ku Carthage, anadutsa njirayi mu 1848 ndi banja lake, mwana wake Joseph F. Smith wa zaka 9 akuthandiza kukusa ng'ombe zokoka ngolo. Mnyamatayo anadzakhala mtsogoleri wa mpingo wonse.

Ngolo zokoka ndi manja

Otembenuka ambiri anali osauka ochokera ku Britain ndi mayiko a Scandinavia, amene ankakwera sitima ya pamadzi ku Liverpool ndi ngongole yochokera ku thumba la mpingo. Ng'ombe ndi ngolo zazikulu zitakwera mtengo, atsogoleri anaganiza njira yotchipa: tingolo ta matayala awiri tokokedwa ndi anthu. Munthu wamkulu ankaloledwa katundu wa makilogalamu pafupifupi 8 basi, zovala ndi zofunda zili momwemo. Kuyambira 1856 mpaka 1860 magulu 10, a anthu pafupifupi 3,000, anayenda motero, ndipo asanu ndi atatu anafika popanda tsoka lalikulu.

Awiri otsalawo, otsogoleredwa ndi James Willie ndi Edward Martin, ananyamuka mochedwa mu 1856. Pa 19 Okutobala chipale chofewa chinawagwera ali m'dera limene lero ndi Wyoming, ufa ukutha. Gawo la munthu pa tsiku linatsika kuchoka pafupifupi theka la kilogalamu kufika pa kaufa kongodzaza dzanja. Anthu oposa 200 anafa. Elizabeth Jackson, mayi wa ana atatu wochokera ku England, anadzafotokoza m'zolemba zake m'mene anakhudzira mwamuna wake pakati pa usiku n'kuzindikira kuti wamwalira, ndipo anagonabe pambali pa mtembowo mpaka kunacha chifukwa panalibe chochita mumdima ndi chisanu chija. Uthenga wakuti maguluwa akadali m'njira utafika ku Salt Lake kumayambiriro kwa Okutobala, Brigham Young anapempha thandizo pa msonkhano waukulu wa mpingo, ndipo amayi ena anavula masokosi ndi zovala zamkati zofunda pomwepo n'kuziponya m'ngolo zopita kukapulumutsa anthu. Funso lakuti wolakwa anali ndani polola maguluwo kunyamuka mochedwa linavuta ngakhale pakati pa atsogoleri a mpingo enieniwo.

Kumanga khomo pouma

Kufika sikunali kupuma. Chigwacho ndi chouma, mvula yake siikwanira mbewu, ndipo chilichonse chinkadalira ngalande zobweretsa madzi kuchokera m'mitsinje ya kumapiri. Nyumba zoyamba zinali za mitengo kapena za zidina, denga lake la timitengo tomata ndi dothi. Mvula ikagwa matope ankadontha pa mabedi. M'midzi ina mabanja ankayamba ndi kukumba nyumba m'mbali mwa chitunda, kapena kukhala m'ngolo yomwe anabwera nayo.

Mu 1848 tizilombo takuda tonga dzombe tinagwa m'minda ya tirigu. Amayi ndi ana ankatithamangitsa ndi nsanza ndi ndodo, ena kutikankhira m'ngalande. Mbalame za kunyanja zinadya tambiri, ndipo okhulupirira amaona zimenezo ngati chozizwitsa, koma njala inalipobe. Anthu anapulumukira ku mizu ya zomera zakutchire, makamaka ya duwa la sego, chakudya chimene eni dziko ankachidziwa kuyambira kale. Duwalo ndi chizindikiro cha Utah tsopano.

Sitolo inali kutali ndipo ndalama zinali zosowa, kotero pafupifupi chilichonse cha m'nyumba chinkatuluka m'manja mwa mayi. Sopo ankaphika posakaniza chidulo ndi mafuta a nyama. Makandulo ankaumba ndi mafuta a ng'ombe kapena a nkhosa. Ubweya wa nkhosa ankautsuka, kuupesa, kuupota, kuunyika mu utoto wa makungwa ndi masamba, kenako kuwomba nsalu ndi kusoka. Ankafutsa zipatso, kusunga nyama mumchere, kuweta nkhuku, ndi kusinthanitsa mazira ndi batala kuti apeze singano kapena shuga. Chakhumi cha ku mpingo nachonso nthawi zambiri chinkaperekedwa ndi mazira, batala ndi tirigu.

Chimene chinkasiyanitsa mayi wa Mormon ndi amayi ena a kumadzulo ndi maitanidwe a mpingo. Mwamuna ankatha kumva dzina lake likuwerengedwa pamsonkhano kuti akalalikire ku England kapena ku zilumba za Pacific kwa zaka ziwiri, zitatu kapena kupitirira, popanda malipiro. Munda, ziweto ndi ana zinkatsala kwa mkazi. Kapena banja lonse linkauzidwa kuti lisiye nyumba imene langomaliza kumanga likayambitse mudzi watsopano, monga mabanja oposa 300 amene anatumizidwa mu 1861 kukalima thonje ku St. George, kumalo otentha a kum'mwera.

Uchembere

Mabanja anali aakulu ndipo kutaya mwana sichinali chachilendo. Azamba ndiwo anali chipatala cha mudzi. Wodziwika kwambiri ndi Patty Sessions, amene anayendetsa yekha ngolo yake mu 1847 ali ndi zaka zoposa 50, ndipo anachiritsa amayi pafupifupi 4,000 m'moyo wake. Ankalemba tsiku ndi tsiku zimene wachita, amene wamuthandiza ndi malipiro amene walandira, ndipo mabuku akewo ndi chuma chachikulu kwa ofufuza mbiri. Pa nthawiyo zinali zololedwa kuti amayi adzoze mafuta ndi kusanjika manja pa mnzawo wodwala kapena woyandikira kuchira, mwambo umene mpingo unadzausiya m'zaka za m'ma 1900.

Mitala: nkhani imene imavuta kuilongosola

Joseph Smith anayamba kuphunzitsa mitala mwachinsinsi ku Nauvoo, ndipo mpingo unalengeza poyera mu 1852. Chiphunzitso chinali chakuti ukwati womangidwa ndi ulamuliro wa unsembe sutha ndi imfa, ndipo Mulungu walamulanso zimene analola kwa Abrahamu ndi Yakobo kuti abereke mbadwo wokhulupirika. Apa mpofunika kusamala. Amayi amenewa sanakulire m'chikhalidwe cha mitala. Anachokera m'mabanja a Chikhristu a ku New England, Britain ndi Denmark kumene mitala inali chonyansa. Ambiri analemba kuti atamva koyamba anakhumudwa kwambiri, ndipo amene anavomera anatero atalimbana nazo m'mapemphero. Emma Smith, mkazi woyamba wa Joseph, anazikana, ndipo sanapite nawo kumadzulo.

Si onse anali pa mitala. Ofufuza ambiri amati pa nthawi imene mchitidwewu unali pachimake, anthu pakati pa 20 ndi 30 pa 100 aliwonse ankakhala m'mabanja otere, ndipo amuna ambiri a mitala anali ndi akazi awiri okha. Akazi ochuluka ngati a Brigham Young, amene anaposa 50, anali a atsogoleri ochepa. Ena ankakhala nyumba imodzi, ena aliyense yake, enanso m'midzi yotalikirana mwamuna akuyendera mwa apo ndi apo.

Kodi amayiwo ankamva bwanji? Zolemba zawo sizinena chinthu chimodzi, ndipo amene amafuna yankho limodzi amayenera kutaya theka la umboni. Patty Sessions analemba za kuwawa mtima kwake pamene mwamuna wake anatenga mkazi wina. Emmeline B. Wells ankateteza mitala pagulu, koma m'mabuku ake achinsinsi muli kusungulumwa kwa mkazi amene mwamuna wake samuona kawirikawiri. Panali atsikana okwatiwa ali aang'ono kwa amuna akuluakulu, panali nsanje, ndiponso umphawi pamene munda umodzi unkayenera kudyetsa makomo atatu. Ann Eliza Young anasiya Brigham Young mu 1873 n'kuyendayenda m'mizinda ya America akulankhula motsutsa mitala.

Mbali inayo iliponso. Amayi ena anapeza mwa mkazi mnzawo mlongo weniweni wowathandiza pa matenda ndi pa uchembere. Mkazi wosakhutira ankatha kupempha kuti ukwati uthe, ndipo Brigham Young anavomereza zopempha zotere zoposa 1,600, pa nthawi imene kumadera ambiri a America kuthetsa ukwati kunali kovuta kwambiri. Ndipo popeza mwamuna sankakhala pakhomo nthawi zonse, amayi ambiri ankayendetsa okha chuma cha nyumba. Ellis Shipp anapita ku Philadelphia kukaphunzira udokotala ana ake akuleredwa ndi akazi anzake, anamaliza mu 1878, ndipo atabwerera anaphunzitsa azamba mazana ambiri.

Boma la America linkaona mitala ngati mlandu. Malamulo a 1862, 1882 ndi 1887 anabwera motsatizana, lililonse lolimba kuposa linzake. M'zaka za m'ma 1880 amuna ambiri anamangidwa, ena anabisala, ena anathawira ku Mexico ndi Canada. Amayi oyembekezera ankabisala chifukwa mimba yawo inali umboni kukhothi, ndipo ena anatsekeredwa chifukwa chokana kutchula bambo wa mwana. Mu 1890 mtsogoleri wa mpingo Wilford Woodruff analengeza kuti maukwati atsopano a mitala aleke, ndipo mu 1904 chiletsocho chinalimbitsidwa. Kwa akazi achiwiri ndi achitatu kusinthaku kunabweretsa vuto lina: ena anatsala opanda mwamuna weniweni, osadziwika bwino pamaso pa lamulo.

Bungwe la amayi, nkhokwe ndi voti

Bungwe la amayi la Relief Society linayamba ku Nauvoo pa 17 Malichi 1842, Emma Smith ali wapampando. Linazilala kwa zaka zambiri, kenako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860 Eliza R. Snow, mlakatuli wodziwika wa mpingowu, anayendera midzi kulidzutsanso. Amayi ankasonkha nsanza zosokera zofunda, mazira ndi ndalama zochepa, kuyendera odwala, kusambitsa maliro, ndi kumanga nyumba zawozawo zochitiramo misonkhano ndi malonda. Mu 1872 anayambitsa nyuzipepala ya Woman's Exponent, imene inatuluka mpaka 1914. Mu 1876 anayamba kusunga tirigu m'nkhokwe zawo poopa njala, ena akuchita kukunkha m'minda anthu atakolola. Tiriguyo anathandiza anthu a ku San Francisco pambuyo pa chivomezi cha 1906, ndipo wochuluka anagulitsidwa ku boma mu 1918 pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anayesanso kuweta mbozi za silika m'nyumba, ndipo mu 1882 anatsegula chipatala cha Deseret.

Chodabwitsa kwa ambiri ndi voti. Mu Febuluwale 1870 dera la Utah linapatsa amayi ufulu wovota, zaka 50 dziko lonse la America lisanatero. Wyoming inali itakhazikitsa lamulo lotere miyezi iwiri m'mbuyomo, koma chisankho chinayamba kuchitika ku Utah, ndipo mphunzitsi wina wachitsikana, Seraph Young, ndiye anaponya voti yoyamba pa 14 Febuluwale. Otsutsa mitala ena ankayembekezera kuti amayiwo aigwetsa ndi voti yawo. Sizinatero. Mwezi wa Januwale chaka chomwecho amayi zikwi zingapo anali atasonkhana mu Salt Lake City kudzudzula lamulo lofuna kulanga a mitala. Ena amati ankangotsatira zofuna za atsogoleri aamuna, ena amati ankateteza chikhulupiriro ndi mabanja awo mwa kufuna kwawo, ndipo mfundo ziwirizi zonse zili ndi umboni wake. Nyumba ya malamulo ya America inawalanda votiyo mu 1887, ndipo anaipezanso mu 1896 pamene Utah inakhala chigawo chokwanira.

Chaka chomwecho Martha Hughes Cannon, dokotala komanso mkazi wachinayi wa Angus Cannon, amene anathawirapo ku England ndi khanda kuti asakachitire umboni mwamuna wake kukhothi, anapikisana nawo pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya Utah. Mwamuna wake ankaimira chipani china pa chisankho chomwecho. Martha anapambana, Angus anagwa, ndipo mayiyo anakhala seneta wa chigawo woyamba wamkazi m'dziko la America.

Amene mbiriyi imawaiwala

Dziko limene a Mormon anafikamo linali ndi eni ake: mitundu ya Ute, Shoshone, Paiute ndi Goshute. Mudzi uliwonse watsopano unkatenga kasupe, dambo kapena mtsinje umene anthuwa ankadalira, ndipo ng'ombe zinkadya udzu umene mbewu zake zinali chakudya chawo. Panali kugawana chakudya ndi malonda, ndipo m'zaka za m'ma 1850 amayi a Mormon ankasokera zovala akazi ndi ana a mitunduyi. Koma panalinso kuphana, monga ku Provo mu 1850 ndi pa nkhondo ya Black Hawk imene inayamba mu 1865. Ana ambiri a eni dziko anagulidwa kapena kutengedwa n'kuleredwa m'makomo a a Mormon, ena ngati ana a m'nyumba, ena ngati antchito, ndipo ambiri anataya chinenero ndi abale awo. Mayi wa mtundu wa Ute kapena Paiute wa nthawi yomweyo anatayanso nyumba ndi ana, kungoti sanasiye mabuku oti tiwerenge.

Panalinso amayi akuda. Jane Manning James, mfulu wochokera ku Connecticut, anakanizidwa kukwera sitima ya pamadzi ku Buffalo mu 1843, ndipo iye ndi abale ake anayenda wapansi makilomita pafupifupi 1,300 mpaka ku Nauvoo, kumene anagwira ntchito m'nyumba ya Joseph ndi Emma Smith. Anafika ku Salt Lake mu 1847. Mwamuna wake atachoka analera yekha ana ake ndi ntchito yochapa ndi kupanga sopo, ndipo anasonkha ndalama zomangira akachisi a mpingo. Kwa zaka zambiri anapempha atsogoleri kuti amulole kulandira miyambo yopatulika ya m'kachisi imene amayi anzake ankalandira, koma ankamukana chifukwa cha khungu lake. Anamwalira mu 1908 akadali membala wokhulupirika. Chiletso chimenecho pa anthu akuda chinachotsedwa mu 1978, ndipo kuyambira pamenepo mpingowu unayamba kufalikira kwambiri m'mayiko a mu Africa.